Chilango: Kubwezera Kapena Kukonza Munthu?

Maphunziro a criminology, omwe amafufuza zifukwa zimene anthu amapalamulira milandu ndi njira zowalangira, amayamba ndi funso limene limavutanso makolo ndi mipingo ya ku Nabvutika mu mzinda wa Chipata: kodi munthu amabadwa woipa, kapena amaipitsidwa ndi malo amene wakulira? Mu 1876, Cesare Lombroso wa ku Italy anaphunzitsa kuti ena amabadwa ali zigawenga, koma akatswiri otsatira anakana ganizoli, poona kuti ulova, umphawi wa m'makomboni ndi kusweka kwa mabanja zimakankhira achinyamata ku umbava, ngakhale kuti sizichotsa ufulu wa munthu wosankha chabwino.

Pa funso la kubwezera kapena kukonza munthu, dziko la Zambia linaonetsa mbali yake pamene mu 2016 linasintha Zambia Prisons Service kukhala Zambia Correctional Service, ndipo mu 2022 linathetsa chilango cha imfa. Motero wophunzira womaliza Giredi 12 amene wasankha maphunzirowa, kaya adzagwire ntchito kupolisi, ku Drug Enforcement Commission kapena kundende ya Namuseche, ayenera kukhulupirira kuti wolakwa angathe kusintha, pakuti chilango chopanda chiyembekezo chimenechi ndi kubwezera chabe.