Kodi bairro lakale ndi la yani?

Njanji imene imadutsa pa Entre Lagos imakathera ku Nacala, ndipo kumwera kwa dokolo kuli Ilha de Moçambique. Cisumbu cimeneci cinali likulu la dziko lathu mpaka 1898, ndipo mu 1991 bungwe la UNESCO linacilemba m'gulu la cuma ca anthu onse a padziko lapansi. Kumpoto kwake kuli nyumba za miyala, linga la São Sebastião ndi kachalichi ka m'caka ca 1522. Kumwera kuli Macuti, mabairro a nyumba zofolera ndi masamba a kokonati. Zambiri mwa nyumbazi zili m'munsi mwa msewu, m'maenje, pakuti m'menemo ndi mmene ankakumba miyala yomangira mbali ya olemera ija.

Munthu wa ku Macuti akapeza kandalama amafuna malata, cifukwa denga la masamba limaola ndipo limadontha. Osamala mbiri amati akatero cisumbu citaya nkhope yake. Wolondola ndani?

Osamala mbiriwo sindiwanyoza. Macuti atafafanizika, lingalo lingatsale likusimba za abwanamkubwa okha, pamene maenje aja ndiwo mboni ya akapolo ndi anchito amene anasenza miyala. Koma pa nchito yanga ya pa wailesi ndazolowera kufunsa kuti: alipira ndani? Ngati cikumbutso ndi ca dziko lonse, mtengo wake usagwere mayi mmodzi amene akuchera madzi ndi beseni usiku wa dzinja. Mlendo ndi mame. Amajambula cithunzi n'kupita, mwini nyumba n'kutsala ndi mvula. Kuuza wosauka kuti akhalebe monga kale kuti ife tizikondwa poona, ndi kumusenzetsa miyala kaciwiri. Amene akufuna denga la makolo athandize kulifolera, ndipo ayambe wamva kaye mawu a wogonamo.

Kuno ku Mecanhelas tilibe linga, koma tili ndi makantina a nthawi ya atsamunda, manda a makolo, ndi njanji imene inatilumikiza ndi Malawi mu 1970. Tsiku lina wina adzabwera kudzati tisunge ici, tigumule ico. Abale anga, tisadzavomere msanga kapena kukana msanga. Tidzayambe tafunsa amene akukhala pamalopo, tidziwenso amene adzalipire.