Elisa Sanatenge Ana Aja

Kuwerenga: 2 Mafumu 4:1-7

Mayi amene tamva nkhani yakeyu mwamuna wake anamwalira n'kusiya ngongole, ndipo mwini ngongoleyo anali m'njira kudzatenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. Elisa anali ndi gulu la aneneri lomwe linkadyera mphika umodzi. Akanatha kunena kuti anyamatawo abwere azikhala kumeneko. Sanatero. Anafunsa chimene chinatsala m'nyumba, ndipo munali kamtsuko ka mafuta. Anamutuma mayiyo kukabwereka mbiya kwa anansi, n'kumuuza kuti adzitsekere m'nyumba pamodzi ndi ana ake. Mafuta anadzaza mbiya zonse, ngongole inalipidwa, ndipo anawo anakulira pamaso pa mayi wawo.

Chaka ndi chaka, nyengo yozizira ikafika, achinyamata ochokera ku Ulaya ndi ku America amatsika ndege pabwalo la Simon Mwansa Kapwepwe, masutikesi atadzaza zovala, mipira ndi mabuku. Abwera kudzathandiza kunyumba za ana amasiye. Ambiri anasonkha ndalama za ulendowo kwa miyezi yambiri m'mipingo yakwawo, ndipo mtima wawo ndi wabwino. Tiziwalandira ndi manja awiri. Koma akulu anati mlendo ndi mame. Pakatha milungu iwiri kapena itatu basi imabwera kudzawatenga.

Amene munafikako kumalo oterewa mwaona zimene zimachitika geti likangotsegulidwa. Kamwana ka zaka zitatu kamathamangira munthu amene sikanamuonepo, n'kumukakamira mwendo mpaka atakanyamula. Mlendo amagwetsa misozi poganiza kuti wakondedwa. Komatu mwana amene ali ndi wake amabisala kuseri kwa chitenje cha amake akaona nkhope yachilendo. Uyu wothamangira aliyenseyu akufunafuna munthu woti n'kukhala wake. Amamupeza, amazolowera fungo lake, kenaka munthuyo amakwera ndege. Mwezi wamawa kumabwera wina. Ku Romania, kafukufuku amene anayamba mu 2000 mumzinda wa Bucharest anaonetsa kuti ana amene anachotsedwa m'nyumba zoterezi n'kupita m'mabanja adakali aang'ono anakula bwino m'nzeru ndi m'makhalidwe kuposa anzawo otsala.

Sindikunyoza anthu amene anatsegula nyumbazi. Akuluakulu a kuno ku Lubuto mukukumbukira zaka za m'ma 1990. Edzi inkatenga bambo ndi mayi chaka chimodzi, mafakitale a Ndola ankatsekedwa motsatizana, ndipo migodi ya ZCCM itagulitsidwa anthu ambirimbiri ntchito inawathera. Agogo anatsala ndi zidzukulu zodzaza nyumba popanda ufa. Amene anatola ana m'misewu nthawi imeneyo anapulumutsa miyoyo, Mulungu awadalitse. Ndipo lero lomwe alipo ana ena amene alibiretu kolowera.

Koma ambiri ali nako. Bungwe la Lumos limanena kuti mwa ana 10 okhala m'nyumba zoterezi padziko lapansi, pafupifupi 8 ali ndi kholo limodzi kapena onse awiri amoyo. Chinawapititsa kumeneko si imfa ayi, ndi umphawi, mwini ngongole yemwe uja wa m'nthawi ya Elisa. Mu 2009 bungwe la United Nations linagwirizana kuti umphawi pawokha usakhale chifukwa cholekanitsira mwana ndi makolo ake. Mu 2018 dziko la Australia linafika pozindikira kuti kusonkhanitsa ana m'nyumba za amasiye pofuna kukopa ndalama za alendo ndi mtundu wa ukapolo.

Tsopano ndibwere kwa ife, poti nkhaniyi si ya alendo okha. Bambo akamwalira, ndani amafika ndi lole maliro asanathe n'komwe? Ndi ife achibale. Timanyamula mipando, firiji, ngakhale matilesi amene ana amagonapo, Lamulungu n'kudzaimba kwaya. Lamulo la dziko lino la 1989 limati munthu akafa osasiya wilo, theka la chuma chake ndi la ana, ndipo 20 peresenti ndi ya mkazi kapena mwamuna wotsala. Tikalanda zimenezi, ndife amene taswa kamtsuko ka mafuta kaja. Mayi wamasiye akapita kukasiya mwana pageti la nyumba ya amasiye, tisamuloze chala.

Anansi a mayi wa m'nkhani ya Elisa uja sanachite chozizwitsa, anangobwereketsa mbiya. Kuyambira 2022 fizi m'sukulu za boma inachotsedwa, koma yunifomu, nsapato ndi makope zikufunabe ndalama, ndipo izi mpingo ungakwanitse. Akulu a mpingo, aperekezeni agogo kuofesi ya Social Welfare akafunse za thandizo la ndalama la Social Cash Transfer. Amayi a chigwirizano, mukudziwa nyumba iliyonse m'dera lanu imene moto sunayake dzulo.

Abale athu akunja akatilembera kuti akufuna kubwera, tiwayankhe moona mtima. Namwino, mphunzitsi kapena mmisiri abwere adzagwire ntchito limodzi ndi anthu akuno amene adzatsale ndi anawo. Wofuna kudzangonyamula makanda tim'pemphe mwaulemu kuti ndalama ya tikitiyo ikhale mpamba wa mayi wogulitsa tomato pamsika. Tikatuluka muno, mtsogoleri wa dera lililonse atsale pang'ono, tilembe mayina a mabanja amene tiyambe kuwayendera sabata ino.

Tiyeni tipemphere.