Za Masewera a pa Makina ndi Mtengo Wake

Mu Uthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka Woyera, mutu 14, Ambuye Yezu asimba za munthu amene adayamba kumanga nsanja asanawerenge chuma chake, natsiriza maziko okha, anthu odutsa namseka. Ambuye adanena fanizoli pophunzitsa za mtengo wa kukhala wophunzira wao, koma nzeru yake ikhudzanso thumba la banja lililonse. Tsono makolo ndi akatekisti ayenera kudziwa za chinthu china chimene chalowa m'nyumba zambiri za m'mizinda, ndicho makina a masewera olumikiza ku wailesi yakanema, otchedwa PlayStation, Xbox ndi Nintendo Switch, amene ana angowatcha magemu.

Eklezia sadana ndi masewera ai. Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti monga thupi lotopa lifuna kugona, momwemonso mtima wotopa ufuna chisangalalo, ndipo Don Bosco adakokera anyamata a mu mzinda wa Turin kwa Mulungu posewera nao. Mlandu suli pa kusewera, uli pa mtengo, pakuti mtengowo suoneka wonse tsiku logula.

Bambo wogula makinawa ayesa kuti walipira kamodzi, kwatha. Pamene PlayStation 5 idatuluka mu 2020, mtengo wake ku America udali madola 499, ndipo masewera ena atsopano adayamba kugulitsidwa madola 70 limodzi. Amenewo ndi maziko chabe. Mwana akafuna kupikisana ndi anzake akutali pa intaneti, masewera ambiri sangamlole kulowa kufikira atalipira msonkho wa pamwezi kapena wa pachaka kwa kampani imene idapanga makinawo. A Microsoft adayamba kulipiritsa chotere mu 2002, pafupi madola 50 pa chaka. A Sony adalola anthu kusewera ulele pa PlayStation 3, koma mu 2013 adatseka khomo naika msonkho pa PlayStation 4. A Nintendo nawonso adatsata mu 2018. Mu 2023 a Sony adakweza msonkho wao wotsikitsitsa kuchoka pa madola 59.99 kufika pa madola 79.99 pa chaka. Ndipo msonkho wotere kawirikawiri udzilipira wokha kuchokera pa khadi la ku banki nthawi yake ikakwana, mwini wake asanafunsidwenso, kufikira iye atauletsa.

Wokhala m'Malawi aonjezepo izi: mitengo yonseyi iwerengedwa mu ndalama zakunja. Pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023, katundu wa wolipira adalemera usiku umodzi, makampaniwo asanakweze kanthu. Za bandulo ya intaneti ndi magetsi nzodziwika kale.

Koma chimene chifunika kuchilingalira mofatsa ndi masewera otchedwa aulele. Fortnite, mwachitsanzo, ilowedwa popanda kugula ndi popanda msonkho uja. Nanga eni ake apindula bwanji? Agulitsa zovala, magule ndi zokometsera za kachithunzi kamene kaimira wosewerayo. Zinthuzi sizigwirika ndi manja, sizifunda pozizira, ndipo sizimpatsa mwana mphamvu yopambana. Koma mwana amene kachithunzi kake kavala zausiwa pakati pa anzake amva manyazi enieni, monga wolowa m'kalasi ndi kabudula wazigamba. Malondawo aima pa manyazi amenewo. Ndiponso sagula ndi madola ooneka, koma ndi ndalama yamasewera imene ayamba waisinthitsa, kotero kuti mwana, ngakhale wamkulu amene, sazindikira msanga kuti watha zingati. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mu December 2022 kampani ya Epic Games, mwini Fortnite, idavomera kulipira madola 520 miliyoni pa milandu imene bungwe la boma la America lotchedwa Federal Trade Commission lidaiimba, ndipo mwa ndalamazo madola 245 miliyoni adali obwezera anthu amene adalipiritsidwa zinthu zimene sadafune kugula, ena mwa iwo makolo amene ana ao adagula iwo osadziwa.

Palinso choipa choposa. M'masewera ena, monga a mpira aja otchuka ndi dzina la FIFA, munthu agula phukusi lotsekedwa osadziwa za m'kati mwake, poyembekeza kuti mudzatuluka katswiri wotchuka. Akapeza wachabe, agulanso. Akuluakulu oyang'anira juga m'dziko la Belgium adaweruza mu 2018 kuti maphukusi otere ndi juga ndithu. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2413, aphunzitsa kuti masewera amwayi sali osalungama pa okha, koma aipa pamene amlanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa anthu ake, ndipo achenjeza kuti chilakolako cha juga chikhoza kusanduka ukapolo. Ngati chenjezoli liperekedwa kwa akulu, nanga mwana wa zaka khumi amene sanagwirepo khasu la malipiro adzalimba bwanji?

Apa akatekisti ali ndi ntchito, makamaka pokonzekeretsa ana ku Sakramenti la Kulapa. Mwana adziwa kuti kutapa ndalama m'chikwama cha amai ndi kuba. Koma kukanikiza batani pa khadi la atate sakuyesa tchimo, chifukwa dzanja lake silinakhudze ndalama. Aphunzitsidwe kuti Lamulo lachisanu ndi chiwiri lifika ndi pomwepo, ndi kuti chotengedwa chiyenera kuululidwa kwa mwini wake. Makolonso asadziyese osalakwa: makina onsewa ali ndi njira yotsekera kugula ndi yoikira malire a nthawi, ndipo bambo amene asiya khadi lake losatseka, nadzakwapula mwana pakutha pa mwezi, afanana ndi wosiya nkhokwe yotsegula nakwiyira mbuzi. Bambo amenenso alipira msonkho wa masewera ake, fizi ya sukulu ili yosalipidwa, ali ndi mlandu woposa wa mwanayo.

Nthawi nayonso ndi chuma cholipidwa. Mu 2019 bungwe la World Health Organization lidalemba kusewera kosadziletsa m'kaundula wa matenda: ndiko kusewera kumene kudya tulo, sukulu ndi ntchito, munthu osatha kuleka ngakhale aona kuonongeka kwake. Ogwidwa ndi nthendayi ndi ochepa mwa osewera onse, ndipo asowa chithandizo koposa chitonzo.

Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy wobadwira mu mzinda wa London mu 1991, adali ndi PlayStation, ndipo adaikonda monga ana onse. Amai ake adachitira umboni kuti iye mwini, osakakamizidwa, adadziikira malire a ola limodzi pa sabata. Adamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo Papa Leo XIV adamlemba m'gulu la Oyera pa 7 September 2025.