Mlandu wa Lothar von Trotha ndi Funso la Kulapa M'malo mwa Akufa

Funso lakuti kodi munthu angalape tchimo la m'bale wake amene anamwalira osalapa ndi lakale pakati pa akatswiri a zaumulungu, pakuti Ezekieli 18 amaphunzitsa kuti aliyense amasenza tchimo lake, pamene Eksodo 20 amasonyeza kuti zotsatira za tchimo zimafika mpaka kwa zidzukulu. Mbiri ya Lothar von Trotha, mkulu wa asilikali a Germany amene anabadwira ku Magdeburg mu 1848, imalipatsa funsoli kulemera kwake konse.

Iye anafika m'dziko limene lero ndi Namibia mu Juni 1904 kudzathana ndi Aherero, amene anaukira atsamunda chifukwa cholandidwa malo ndi ng'ombe, ndipo atawagonjetsa ku Waterberg pa 11 Ogasiti anawapitikitsira ku chipululu cha Omaheke, kumene asilikali ake anatchinga zitsime, kotero kuti amayi ndi ana ankakumba mchenga pofuna madzi mpaka kufera pomwepo limodzi ndi ziweto zawo. Pa 2 Okutobala analamula kuti Mherero aliyense wopezeka m'dzikolo awomberedwe, kaya ali ndi mfuti kaya alibe. Mchitidwe wotere ndi umene umatchedwa genocide, ndiko kufafaniza dala mtundu wa anthu. Von Trotha mwini wakeyo sanaimepo m'bwalo la milandu. Anavekedwa mendulo ya Pour le Mérite, namwalira ku Bonn mu 1920.

Mu 2007 ena a m'banja lake anapita ku Omaruru kukapepesa kwa mafumu a Aherero, ndipo ulendowu ndi woyenera ulemu, ngakhale sunali kulapa, chifukwa kulapa ndi kutembenuka mtima kwa wolakwa mwini, ndipo mtima umenewo unalowa m'manda uli chiumire. Chimene amoyo angathe n'kuvomereza mlandu ndi kubweza cholandidwa, pakuti monga amanenera akuluakulu, mlandu suwola, ndipo wolowa chuma cha womwalira amalowanso ngongole zake.

Apa ndiye pamene boma la Germany linaperewera. Mu 2021 linavomereza kuti kunachitika genocide, nililonjeza mayuro 1.1 biliyoni pa zaka 30, koma monga thandizo la chitukuko osati chipukutamisozi, ndipo atsogoleri ambiri a Aherero anakana mgwirizanowo ponena kuti sanapatsidwe mpando pokambirana. Kupepesa kumene wolakwa amadzisankhira yekha dipo, olakwiridwa ali kunja kwa bwalo, sikunathetse mlanduwu, ndipo malo ambiri amene makolo awo ankadyetsako ng'ombe sanabwerere kwa zidzukulu zawo mpaka lero.