Kukaphunzira Kulandira Alendo ku Italy: Mfundo Zofunika kwa Ana a ku Chawama

Ku Lusaka kukayamba kuzizira, mu Juni ndi Julayi, ku Italy dzuwa limakhala likuswa mtengo. Imeneyi ndiyo nyengo imene masukulu a zophika ndi za mahotela kumeneko amalandira ophunzira ochokera m'mayiko ena kwa milungu yowerengeka. Amawaphunzitsa kukanda ufa wa pasta, kuyala thebulo, kulawa tchizi ndi kupereka moni m'Chitaliyana, kenako n'kuwayendetsa ku Florence, ku Parma kapena ku Rome. Zithunzi za maphunzirowa zimafika mpaka m'mafoni a ana athu ku Chawama, ku Kuku ndi ku John Howard. Ena amangomeza mate n'kupitirira, koma ena amafika pouza kholo kuti, "Amayi, bwanji tigulitse puloti ija?" Mfundo izi ndalembera onsewo, pamodzi ndi makolo awo.

1. Yambani mwakhala pansi ndi pensulo. Maphunziro aafupi ameneŵa anakonzedwera makamaka ana a m'mayiko olemera, ndipo chilichonse chimalipiridwa ndi ndalama ya yuro: fizi, chipinda chogona, inshuwalansi, chakudya, osanena za tikiti ya ndege. Viza ya Schengen ya ulendo waufupi imalola munthu kukhala masiku osapitirira 90 m'kati mwa masiku 180, ndipo si chilolezo chogwirira ntchito. Ngati pali bungwe, mpingo kapena abwana anu amene akufuna kukulipirirani, pitani ndithu, mwayi sulira kawiri. Koma ngati ulendowo ukufuna kuti mutenge kaloba, kapena kuti amayi anu agulitse nyumba ya zipinda za lendi imene imadyetsa banja lonse, imani kaye. Inu mudzabwera ndi zithunzi, azing'ono anu n'kusowa pogona.

Muyambe mwaona zimene zili pafupi. Mu 2022 boma linakweza ndalama za thumba la chitukuko la CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo gawo lina la ndalamazo ndi la mabasale a maphunziro a luso la manja. Mafomu ake amadzera ku komiti ya chitukuko ya wodi yanu. Sukulu ya za mahotela ya pa Fairview Hotel ili mu Church Road, basi imodzi kuchokera ku Chawama kukafika m'tauni, kenako kuyenda pang'ono wapansi. Kulikonse kumene mungafune kulembetsa, funsani ngati sukuluyo ili m'kaundula wa TEVETA, bungwe loyang'anira masukulu a luso, musanapereke ngakhale ngwee imodzi.

2. Italy si mlendo kwa ife, choncho musapiteko mutazyolika ngati wopemphetsa. Khoma la Kariba, limene linatha mu 1959, linamangidwa ndi kampani ya ku Italy yotchedwa Impresit. Anthu 86 anafera pa ntchitoyo, akuda ndi Ataliyana omwe, ndipo tchalitchi cha St Barbara cha m'tauni ya Kariba, tsidya la Zimbabwe, chinamangidwa powakumbukira. Ian Smith atalengeza mu 1965 kuti Rhodesia yadzichotsa pansi pa ulamuliro wa Britain, njira yathu ya mafuta n'kutsekeka, paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, inayalidwa ndi Ataliyana ndipo inatha mu 1968. Fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inatsegulidwa mu 1973 mogwirizana ndi kampani yawo ya Agip. Agogo anu akukumbukirabe magalimoto a Fiat amene ankalumikizidwa ku Livingstone. Bambo Renato Kizito Sesana, wansembe wa chipani cha Comboni, anafika m'dziko muno mu 1977, ndipo anakhala ndi anthu a m'komboni ya Bauleni, kumene anayambitsa gulu la Koinonia.

Anthu ameneŵa anabwera ndi luso m'manja, ndipo ndi lusolo limene linawapatsa ulemu. Dziko lawo nalonso linalawapo umphawi, mpaka anthu ake mamiliyoni ambiri anasamukira ku America, ku Argentina ndi ku Brazil kukafuna ganyu. Mukakafika kumeneko, kayang'aneni anthu kumaso, kafunseni mafunso, kagwireni ntchito.

3. Chimene Ataliyana amagulitsa pa mtengo wokwera ndi chakudya cha agogo awo osauka. Mfundo iyi ndiyo yaikulu pa zonse, ndipo wophunzira amene wabwerako asanaimvetse ndalama zake zapita pachabe. Polenta, imene lero imaperekedwa m'mbale zoyera m'malesitilanti apamwamba, ndi ufa wa chimanga wotakasidwa m'madzi otentha mpaka kulimba. Alimi osauka a kumpoto kwa Italy ankaidya m'mawa ndi madzulo popanda ndiwo zokwanira, mpaka ambiri anadwala matenda a pellagra. Ribollita ya ku Toscana ndi msuzi wa nyemba, masamba ndi buledi wogona. Pizza yeniyeniyo inayamba ngati chakudya cha m'misewu cha amphawi a ku Napoli. Ataliyana sanachite nazo manyazi. Anazisamala, anasunga maphikidwe ake, anazitchula ndi mayina a madera kumene zinachokera, ndipo lero dziko lonse limaima pamzere.

Mu 1986, McDonald's itatsegula lesitilanti pafupi ndi Piazza di Spagna ku Rome, Carlo Petrini ndi anzake anatsutsa, ndipo m'kutsutsa kumeneko munabadwa gulu la Slow Food loteteza zakudya za makolo. Mu 2004 gululi linatsegula yunivesite ya za chakudya ku Pollenzo. Wina mwa amene anaphunzirako ndi Edward Mukiibi wa ku Uganda, katswiri wa zaulimi, ndipo mu 2022 ndiye analowa m'malo mwa Petrini kukhala mtsogoleri wa gulu lonselo. Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'chakuti mu Disembala 2017, pa msonkhano umodzimodzi wa UNESCO ku Jeju m'dziko la South Korea, luso la ophika pizza a ku Napoli ndi mwambo wa nsima wa ku Malawi zinalembedwa m'kaundula mmodzi wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Nsima yomweyi, imene mwana wa ku Chawama amayamba kuvundula mthiko ukumulemera.

Nanga ife timatani? Mlendo akafika timathamangira tchipisi ndi nkhuku yoyera, ngati kuti chibwabwa chotendera, lumanda, kalembula, impwa ndi kapenta ndi zobisa kuseri kwa chitseko. Kaimeni m'mawa pafupi ndi mayi wophika chikanda muone. Amawiritsa nsinjiro m'madzi, n'kumawazamo chikanda chosinja pang'onopang'ono uku akutakasa, amathira mchere, soda ndi tsabola pa mlingo umene dzanja lake lokha limaudziwa. Chikalimba n'kuyamba kusiya mthiko, amasalaza pamwamba ndi madzi, amavundikira, n'kuika makala amoto pa chivundikiro kuti chipse mbali zonse. Soda ikachuluka chimawawa, ikachepa sichigwirana. Limenelo ndi luso lenileni la m'khitchini, lofuna diso ndi nthawi, koma ndi ophunzira angati a za mahotela amene anakhalapo pansi n'kulemba miyeso yake? (Ndipo mizu ya chikandayo ikutha m'madambo chifukwa chokumbidwa mopitirira, moti yambiri imachita kuchokera ku Tanzania. Imeneyo ndi nkhani ina, koma wophika wanzeru ayenera kuidziwa.) Amayi Sylvia Banda anakuza bizinesi yawo ya Sylva pa zakudya zomwezi, makamaka ndiwo zamasamba zoumitsa, pamene ena ankaziyesa za kumudzi.

Anzathu Abemba ali ndi mwambi wakuti mwana wosayenda amatama maphikidwe a amayi ake okha. N'zoona, yendani mukaone. Koma palinso mwana amene amayenda n'kubwera akunyoza mphika umene unamulera, ndipo ameneyo ndiye womvetsa chisoni kwambiri.

4. Milungu inayi sipanga munthu kukhala shefu. Ku Italy ana amene asankha ntchitoyi amalowa sukulu ya za mahotela ali ndi zaka pafupifupi 14 n'kukhalamo zaka 5, ndipo ena amapitiriranso ku masukulu ngati ALMA ya ku Colorno, pafupi ndi Parma, imene inatsegulidwa mu 2004. Ngakhale tchizi chawo cha Parmigiano Reggiano sichiloledwa kutchedwa dzinalo chisanakhale miyezi 12. Mukabwerako, valani epuloni, tsukani mapoto, sendani anyezi, ndipo amene munawasiya m'khitchini muziwatchulabe kuti "amayi" ndi "abambo".

5. Ukhondo ndiwo moni woyamba. Ife a m'makomboni sitifunika kuuzidwa ndi mphunzitsi wa ku Ulaya za zimenezi, chifukwa tinaika maliro. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inatseketsa misika ndi malo odyera m'Lusaka. Ya 2023 mpaka 2024 inafika poti bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale. Mvula ikagwa kuno madzi amasefukira, zimbudzi zokumba n'kusakanikirana ndi zitsime zosaya, ndipo madzi omwewo ndi amene wina amatsukira tomato.

Zimene zimapulumutsa n'zing'onozing'ono. Beseni limodzi la madzi losambamo m'manja anthu asanu motsatizana lilekeke. Thirirani munthu aliyense madzi ochokera m'jagi, ndi sopo, beseni lizingolandira pansi. Mpeni wodulira nkhuku yaiwisi usakhudze saladi. Magetsi akathima tsiku lonse, monga zinkachitikira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, nyama ya m'firiji muinunkhize ndi mtima woona, ndipo ikakukayikitsani itayeni ngakhale mtima ukuwawa. Setifiketi ya ku khonsolo ya ogwira zakudya mukaitenge moyenera, mutapimidwadi. Kantemba kokhala ndi mabenchi aŵiri koma koyera kamaposa lesitilanti ya magalasi imene kuseri kwake kuli ntchentche.

6. Mlendo ndi mlendo, kaya khungu lake ndi lotani. Izi zimachitika m'malo ena odyera m'tauni muno, ndipo tonse tinazionapo: mzungu akalowa, woperekera zakudya amathamanga mpaka kutsala pang'ono kugwetsa thireyi, koma mayi wovala chitenge amene wabwera ndi ndalama zake za chilimba kudzakondwerera tsiku lobadwa la mwana amadikira mpaka kuchita kukweza dzanja. Khalidwe limeneli ndi lochititsa manyazi, komanso ndi lopha bizinesi. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo mlendo wa kunja amakhaladi masiku ochepa n'kupita. Amene adzabwerenso mwezi wamawa, amene adzakuitanani kuphika pa kitchen party ya mwana wake ndi pa chilanga mulilo cha mphwake, ndi mayi wa chitenge uja.

Ku Napoli kuli mwambo wakuti munthu akamwa khofi amalipira makapu aŵiri, kachiŵiriko n'kusiyira aliyense wosauka amene angadzalowe pambuyo pake. Womwayo sadziwa amene wamulipirira, ndipo amalandiridwa mofanana ndi wina aliyense. Maganizo oterewa anafikanso kwathu. Ku Livingstone, bungwe la CELIM la ku Milan pamodzi ndi Dayosizi ya Livingstone anatsegula mu 2008 lesitilanti yotchedwa Olga's, kuti phindu lake lizithandiza sukulu ya luso ya Youth Community Training Centre, kumene achinyamata ovutika amaphunzira ntchito zosiyanasiyana kuphatikizapo kuphika. Amene akufuna kuona mmene pizza ingalipirire mwana wa m'komboni sukulu safunika pasipoti, basi ya ku Intercity ndi yokwanira.

7. Pitani poyera, mubwerenso poyera. Padzapezeka munthu wokunong'onezani kuti, "Mwana wanga, ukafika usabwerere, ingosowa, ntchito ziliko." Ntchito zimene zimadikira munthu wopanda mapepala ndi za m'minda ya tomato ya ku Foggia ndi madera ena otero, kumene akapitawo oipa amalemba alendo ganyu ya malipiro ochepetsetsa n'kuwagoneka m'zisakasa. Vutoli ndi lalikulu moti mu 2016 dziko la Italy linakhwimitsa lamulo lolimbana nalo, koma silinathe. Mu Juni 2024 mnyamata wina wa ku India anaduka mkono ndi makina m'munda wa ku Latina, ndipo m'malo momutengera kuchipatala anangomusiya pakhomo pa nyumba imene ankakhala. Anamwalira patapita masiku aŵiri. Komanso aliyense amene wasowa viza itatha amatsekera khomo mng'ono wake amene adzafunsire viza mawa.

Chenjeraninso ndi maejenti a pa Facebook ndi WhatsApp ofuna kuti muwatumizire ndalama pa foni kuti "akusungireni malo". Sukulu yoona ili ndi dzina, adiresi ndi kalata yokuitanani imene mungathe kuitsimikizira. Inu makolo, mwana akabwera ndi kalata yotere musachite manyazi kuti simunapite patali ndi sukulu. Itengeni, pitani naye limodzi ku ofesi ya kazembe wa Italy m'Lusaka muno mukafunse, ndipo sukuluyo muilembere nokha kudzera kwa munthu amene mumamukhulupirira. Musatulutse ndalama ya chilimba musanayankhidwe.