Sing'anga amene analemba

Sewero la pa kanema lotchedwa The Imperial Doctress linatuluka ku China mu 2016, ndipo lili ndi zigawo 50. Likunena za mtsikana wina, Tan Yunxian, wa m'banja la asing'anga limene linagwa m'mavuto chifukwa cha chiwembu cha kunyumba ya mfumu. Mtsikanayu akuphunzira mankhwala mobisa, akuchiritsa osauka, kenako akupezeka pakati pa abale awiri olimbirana mpando wa ufumu wa Ming, Zhu Qizhen ndi Zhu Qiyu, onse awiri atamufera. Muli nsanje ya akazi a kumpanda, nduna zodyera kuwiri, ndi madokotala aamuna osafuna kumva kuti mkazi angagwire dzanja la wodwala n'kudziwa chimene chikumudya.

Masewero otere sali kutali nafe. Madikoda a TopStar, kampani imene ZNBC inapanga pamodzi ndi StarTimes ya ku China, ali m'nyumba zambiri kuyambira pa Katete boma mpaka ku Sinda, ndipo wopanda dikoda amaonera pa foni. Sindikudandaula nazo. Nthano yokoma ilibe fuko. Chimene chimandigwira mtima ndi mayi weniweni amene ali kuseri kwa seweroli.

Tan Yunxian analikodi. Anali wa ku Wuxi ndipo anabadwa mu 1461. Koma nkhondo ya ku Tumu, kumene Zhu Qizhen anagwidwa ndi a Mongol, inachitika mu 1449, iye asanabadwe. Zhu Qiyu anamwalira mu 1457, ndipo Zhu Qizhen anatsatira mu 1464, Tan ali kamwana ka zaka zitatu. Chikondi chonse chija n'chopeka basi. Zoona zake n'zakuti mayiyu anaphunzira mankhwala kwa agogo ake aakazi, nakhala akuthandiza azimayi anzake pa mavuto amene mkazi wa nthawi imeneyo sakanatha kuuza dokotala wamwamuna: kupita padera, kusamba kosalekeza, kusabereka, matenda obwera munthu atachira. Mu 1511 anatulutsa kabuku kofotokoza odwala 31, aliyense ndi vuto lake, chimene anapatsidwa ndi zimene zinatsatira. Chifukwa cha kabuku kameneka dzina lake lidakalipo patapita zaka zoposa 500, ndipo anthu a kanema anapeza poyambira bodza lawo lokomalo.

Ife kuno tili ndi agogo ofanana ndi agogo ake a Tan, ambirimbiri. M'mudzi uliwonse wa kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe kapena kwa Pembamoyo ku Vubwi muli nkhalamba imene imadziwa khungwa la muwawani pa vuto la m'mimba, imadziwa muzu woti ufukulidwe mbali iti ndi nyengo iti, imadziwanso mtengo umene mbuzi zimaulambalala. Chimene tilibe ndi kabuku kaja. Nkhalambayo ikapita, ana ake amagawana mbale ndi zitenje, nzeru n'kulowa nayo m'manda. Mdzukulu amene ankanyamula khasu popita kuthengo amatsala ndi theka la chidziwitso, ndipo theka la chidziwitso cha mankhwala ndi loopsa kuposa umbuli. Amakumbukira mtengo, muyezo waiwala.

Ena adzati kulemba n'kwa azungu ndi Matchaina, ife tili ndi pakamwa. Pakamwa pathu pasunga zambiri, sindikana. Mayina a mafumu, malire a minda, nyimbo za chinamwali, zonsezi zafika kwa ife popanda pepala. Koma mankhwala ali ndi vuto lawolawo. Nthano ikasintha pang'ono poyenda m'mibadwo, palibe amafa. Muyezo wa muzu ukasintha, kumachitika maliro. Ndipo chinthu chosalembedwa n'chovuta kuchiyesa, chifukwa ukafunsa asing'anga atatu umamva njira zitatu, aliyense akulumbira kuti yake ndiyo ya makolo.

Taonani Coartem, amene mwana wa malungo amalandira ku chipatala cha St Francis kapena pa kiliniki ya kumudzi. Mphamvu yake yaikulu imachokera ku chitsamba chimene Matchaina amati qinghao. Ge Hong, sing'anga wa zaka za m'ma 300, analemba kuti chitsambachi chinyikidwe m'madzi, chifinyidwe, wodwala amwe madziwo. Patapita zaka zoposa 1,600, boma la China linakhazikitsa ntchito yofufuza mankhwala a malungo mu 1967, ndipo gulu la mayi Tu Youyou linasanthula njira zakale zoposa 2,000. Qinghao wowiritsa ankagwira ntchito mwa apo ndi apo. Tu atawerenganso Ge Hong anaona kuti mkuluyo sanatchule moto, nazindikira kuti kutentha ndiko kunkapha mphamvu ya mankhwala. Mu 1971 anapeza njira yotulutsira mphamvuyo popanda kuwiritsa kwambiri, anayamba wayesa pa thupi lake, ndipo mu 2015 analandira mphoto ya Nobel. Zambia inasankha Coartem kukhala mankhwala oyamba a malungo mu 2002, mayiko ambiri a mu Africa asanatero.

M'nkhani imeneyi anthu amakonda kumva mbali imodzi, yoti makolo ankadziwa. Mbali inayo ndi yowawa: mwa njira zikwi ziwirizo, pafupifupi zonse zinalephera. Kulemba kunapulumutsa imodzi yoona, kunaululanso zambiri zopanda pake. Tikadzayamba kulemba zathu tiyembekezere zomwezo. Mitengo ina imene timaitama idzapezeka kuti ndi madzi owawa chabe, ina idzapezeka kuti ndi yakupha. Kutsidya ku Malawi anamwino akhala akudandaula za mwanamphepo, mankhwala amene amayi ena amamwa kuti matenda a uchembere afulumire, chifukwa amatha kulimbitsa zowawa mopitirira mpaka chiberekero kung'ambika. Mzamba amene amapereka mankhwalawa si mfiti. Iye amakumbukira amayi amene anachira bwino. Amene anathamangira nawo kuchipatala usiku pa ngolo sawerengedwa, popeza palibe pamene analembedwa.

Komabe ndisawaweruze asing'anga ngati kuti amabisa chifukwa cha umbombo wokha. Lamulo la atsamunda loletsa za ufiti, limene linakhazikitsidwa mu 1914 ndipo lidakali m'mabuku a malamulo a Zambia, linaphunzitsa wodziwa mitengo kuti kukhala chete ndiko kudziteteza. Mipingo inawonjezera pamenepo. Makanema a ku Nigeria amene takhala tikuonera zaka zonsezi anamaliza ntchito: sing'anga wa mmenemo nthawi zonse ndi munthu wa maso ofiira, wofuna magazi a mwana, wogonja kwa abusa kumapeto. Mwana wa sukulu amene wakula akuona zimenezi angapite bwanji kwa agogo ake ndi kope kuti amuuze za mizu? Palinso mantha oona, akuti ukauza wophunzira wa ku Lusaka chinsinsi chako, iye adzalemera nacho iwe uli pamphasa. Bungwe la asing'anga la THPAZ lilipo kuyambira m'ma 1970, ndipo mu 2016 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loteteza nzeru za makolo kuti zisatengedwe mwachinyengo. Koma lamulo lokhala mu Chingerezi ku Lusaka silinafike m'khutu la gogo wa ku Vubwi.

Nanga masewero a za kumpanda kwathu? Apa ndiye timachita manyazi kwambiri, pamene nkhani tili nazo zoposa za Ming. Mbiri ya pakamwa imati Undi anachoka kwa Kalonga atakwiya pa nkhani ya kulowa ufumu, nalowera kumadzulo kukakhazikika ku Mano, m'dera limene lero lili ku Tete. Sanapite yekha. Anatenga Nyangu, mayi wa mafumu, ndi akazi a banja lachifumu la a Phiri, ndipo kwa anthu olowa ufumu kudzera kwa mayi, kutenga Nyangu kunali kutenga mafumu onse a mtsogolo. Ikani pamenepo Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga wochokera kwa a Banda, ndi Makewana wa ku Msinja amene mafumu ankamudalira pa mvula. Ikaninso mwavi, ndi funso limene aliyense ankaliopa: wosakaniza mwaviyo ali mbali ya yani? Munthu wodziwa mitengo anali pakatikati pa ndale za kumpanda, monga mmene zilili m'masewero a ku China aja. Pambuyo pake pakubwera Angoni, Apwitikizi, ndi kusamuka kwa mpando wa Undi kulowa m'dziko lino m'ma 1930.

Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti timasonkhana ku Mkaika pa Kulamba, mwambo umene unatsitsimutsidwa mu 1984. Mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzagwada kwa a Kalonga Gawa Undi, gule amatuluka, fumbi n'kukwera. N'zokongola, koma mwana amabwerako atadziwa kuti ufumu ndi waukulu, osadziwa kuti unamangidwa ndi anthu amene ankakangana, kulakwitsa ndi kupikisana. Timaopa kuti kuonetsa zimenezo n'kuchepetsa mpando. Mantha omwewo ali ndi akuluakulu a ku China: mu 2019 nyuzipepala ya boma ya Beijing Daily inadzudzula masewero a ziwembu za kumpanda, ndipo Story of Yanxi Palace, limene linatchuka kwambiri mu 2018, linachotsedwa pa makanema angapo. Ine ndikuona kuti mpando umene wapirira Angoni ndi atsamunda a mitundu iwiri sungagwe chifukwa cha sewero. Wolemba angopita kaye ku Mkaika mwaulemu wake, afunse zimene zili za kudambwe ndi kumanda zosayenera kuonetsedwa, zotsalazo alembe.

Pa ntchito ziwirizi, ya sewero ingadikire ndalama ndi makamera. Ya makope singadikire, chifukwa eni nzeru akutha ndipo mitengo yomwe ikupita m'matumba a makala amene timaona m'mbali mwa Great East Road. Sifuna thandizo la kunja. Ifuna kope, cholembera, ndi mdzukulu wa sekondale wokhala pansi ndi agogo ake, kulemba m'Chichewa dzina la mtengo, chiwalo chimene chimatengedwa, muyezo, wodwala anali ndi chiyani, ndiponso ngati anachira, sanachire kapena anatumizidwa kuchipatala. Mzere wotsirizawu ndi umene asing'anga ambiri adzaukana. Kopelo likhale la banja, ndipo wofufuza wa ku yunivesite akalifuna, adzayambe wakambirana ndi eni ake pamaso pa anyakwawa.