Mtengo wa Chinthu Uchokera Kuti?

M'mwezi wa Ogasiti, chaka cha 2021, ku America kudagulitsidwa pa okushoni ndalama imodzi ya siliva, yosadzaza ngakhale chikhatho cha mwana, pa mtengo wa madola 7,680,000. Ndalamayo idasulidwa kuti ikhale dola limodzi lokha, ndipo siliva wake, wolemera pafupifupi magalamu 24, akadagulidwa m'chaka chimenecho ndi madola 20 okha. Nanga mamiliyoni otsalawo wogulayo adalipirira chiyani? Funso limeneli liyenera kutidetsa nkhawa ngakhale ife amene sitidzaigwira ndalama yotere.

Mbiri yake nayi. Pa ndalamayo padalembedwa chaka cha 1804, koma siidasulidwe m'chaka chimenecho ayi. M'chaka cha 1834 boma la Pulezidenti Andrew Jackson lidafuna kutumiza mphatso kwa mafumu a kum'mawa, pofuna ubwenzi wa malonda, ndipo lidalamula nyumba yosulira ndalama ya ku Philadelphia kuti ikonze ndalama za mitundu yonse ya dzikolo. Akuluakulu a nyumbayo, poona m'mabuku mwao kuti madola otsiriza adatuluka mu 1804, adasula atsopano owerengeka nalembapo chaka chomwecho, osadziwa kuti madola 19,570 a chaka chimenecho adali ndi zaka zam'mbuyo pankhope pake. Pambuyo pake kudasulidwanso ena pang'ono, ndipo onse odziwika lero safika makumi awiri. Kazembe Edmund Roberts adapereka limodzi kwa Said bin Sultan, mfumu ya ku Muscat, mu 1835. Lina lidapita kwa mfumu ya ku Siam, dziko limene lero litchedwa Thailand. La ku Muscat ndilo lija lidagulidwa mu 2021, litagulidwa kale madola 4,140,000 mu 1999.

Tsono tiona kuti mtengo umenewu sukhala m'chitsulocho. Sukhalanso m'ntchito yake, pakuti palibe amene adzagulire mchere ndalama yotere. Ukhala m'mitima ya anthu: ofuna ali ambiri, chofunidwacho n'chochepa, ndipo yense alakalaka kukhala nacho chimene mnzake alibe. Mtengo, tsono, utiuza zambiri za wogula kupambana za chogulidwa.

Kodi kusonkhanitsa ndalama zakale n'kulakwa? Iyayi. Osonkhanitsa ambiri ali ngati nkhokwe za mbiri, ndipo popanda khama lao zinthu zambiri zakale zikadasungunulidwa n'kuiwalika. Kukonda chinthu chokongola ndi chosowa ndi chibadwa cha munthu. Choopsa chiyamba pamene muyeso wa pamsika usanduka muyeso wa zonse.

Augustino Woyera, m'buku lake la Mzinda wa Mulungu, adasiyanitsa miyeso iwiri. Woyamba ndi wa chilengedwe, umene uika chamoyo pamwamba pa chopanda moyo, ndi chanzeru pamwamba pa chopanda nzeru. Wachiwiri ndi wa kusowa kwathu ndi zilakolako zathu. Ndipo iye adaona kuti pa muyeso wachiwiriwu kavalo adagulidwa kawirikawiri mokwera kupambana kapolo, ndi mwala wonyezimira kupambana mdzakazi.

Zimenezi si za ku Roma wakale kokha, ndipo dola lathu lomweli litikumbutsa. Said bin Sultan, amene adalandira mphatsoyo, ndiye adalamuliranso Zanzibar, nakhazikika komweko cha m'ma 1840. Pamsika wa ku Zanzibar padagulitsidwa makolo athu ambiri ochokera m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, amene adawaolotsa pa Nkhotakota ndi kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa. Msikawo udatsekedwa mu 1873. Dola la mfumuyo lidasungidwa bwino, ndipo akatswiri adziwa maina a ambiri amene adaligwira. Koma maina a anthu aja sadalembedwe, chifukwa pamsika adali ochuluka, ndipo chochuluka chitsika mtengo. Komatu mwa iwo mudalibe awiri ofanana. Yense adali mmodzi yekha, wosowa kupambana dola lililonse la 1804.

Msika wa akapolo udatha, awerengi okondedwa, koma muyeso wake sudathe. Tiugwiritsa ntchito pamene tilipira waganyu mochepa chifukwa ofuna ganyu ali ambiri pachipata; pamene tipatsa mpando mlendo wa galimoto ndi kusiya nkhalamba ili chiimire; pamene tiwerengera mwana wamkazi monga chuma chimene ukwati wake udzabweretse. M'zonsezi titenga lamulo loyenera siliva ndi kuliika pa munthu.

Lolani wosonkhanitsa asunge dola lake, alipukute ndi kunyadira. Koma ife, pamene tilikupangana malipiro ndi munthu wosowa pogwira, tidzifunse ngati tilikuyesa ntchito yake, kapena tilikungowerenga kuchuluka kwa anzake amene ali pambuyo pake.